Lupu Pambuyo Pochotsa Mimba

Lupu ndi kachipangizo kapulasitiki kooneka ngati chilembo T, kamene namwino kapena dokotala amaika m'chiberekero kuti mayi asatenge pakati. Ya mkuwa, Copper T 380A, imagwira ntchito zaka 10 kapena kuposerapo.

Ku Zambia, lamulo la 1972 limalola kuchotsa mimba kuchipatala madokotala 3 akavomereza. Zipatala monga Chipata Central zimalandiranso amayi opita padera ndi amene anayesa kuchotsa okha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mimba ikachoka, mayi angathe kutenganso pakati masabata 2 asanathe, asanasambe n'komwe. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati mimba ikakhala yosapitirira miyezi 3, lupu ingaikidwe tsiku lomwelo potsuka m'chiberekero, bola musakhale matenda. Amene wamwa mapiritsi ochotsera mimba amadikira kaye zonse zituluke.

Kumuuza mayi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi kuti "mudzabwerenso" n'kumutaya: ulendo ndi wautali, ndalama ya basi njosowa.

Lupu ya mkuwa imachulukitsako magazi akumwezi miyezi yoyamba, ndipo siteteza ku HIV. Ikangochotsedwa, mayi atha kutenga pakati posachedwa.