Zipangizo za m'kompyuta ndi magetsi amene zimadya

Kompyuta ili ndi zipangizo zingapo m'kati mwake, ndipo chilichonse chimadya magetsi pamlingo wakewake. Mlingowu umayezedwa m'mawati. Chinthu cha mawati 1,000 chikayaka ola lathunthu chimatha yuniti imodzi, yomwe ija timagula ku ESCOM.

Makompyuta oyamba ankadya magetsi mosaneneka. ENIAC, yomwe inaonetsedwa ku America mu 1946, inali ndi machubu pafupifupi 18,000 ndipo inkafuna mawati 150,000. Nthawi imeneyo kuno magetsi a mumtsinje wa Shire kunalibe. Kamuzu Barrage ya ku Liwonde inamangidwa mu 1965, ndipo siteshoni ya magetsi ya Nkula A inayamba mu 1966 ndi mamegawati 24. Madzi opukusa makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amachokera konkuno ku Mangochi: amatuluka m'nyanja yaikulu, kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi boma, n'kulowa m'nyanja ya Malombe. Nyanja yaikuluyo itatsika mu 2016 ndi 2017, magetsi ankathimathima. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130.

M'makompyuta a masiku ano, purosesa, yomwe imawerengera zonse, nthawi zambiri imadya mawati 65 m'kompyuta ya patebulo, ndipo ya m'laputopu imadya pakati pa 15 ndi 45. RAM imodzi imangofuna mawati atatu kapena anayi, hard disk osapitirira 10, pamene SSD imachepera apo. Sikilini yakale yotumbika kumbuyo ija imatha kufika pa 100, koma yopyapyala imakhala cha m'ma 25. Graphics card yamphamvu yokha imaposa 200.

Maina a zipangizozi kuno ndi osangalatsa. Bokosi lonse anthu amalitchula kuti CPU, chonsecho CPU yeniyeni ndi kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kobisika pansi pa fani. Kuika nyimbo mu memole kapena m'fulashi amati kubena, mawu amene anayamba nthawi ya ma CD ndipo sanafe ngakhale ma CD anasowa. M'misika monga ya ku Namwera, Makanjira ndi Monkey Bay, mnyamata wobena nyimbo umamupeza m'kashopu, sipika ili pakhomo, batire ndi inveta zili pansi pa tebulo, sola ili padenga. Iyeyu mawati amawadziwa ndi thumba lake. Batire wamba ya mavoti 12 ndi 100Ah imasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, koma kuti ikhalitse imayenera kutsika kufika pa theka basi. Thekalo limayendetsa kompyuta ya mawati 150 kwa maola anayi, pamene laputopu ya mawati 40 imafika maola 15. Kutentha kwa mu Okutobala kunyanja kuno kumaonjezera ntchito: fumbi likatseka fani, purosesa imatentha, makina n'kuyamba kuchedwa kapena kuzima okha. N'chifukwa chake ena amachotseratu chivundikiro cha m'mbali, ngakhale kutero kumalowetsa fumbi lina.

Kudziwa manambalawa kungathandize sukulu kapena ofesi yaing'ono posankha kukula kwa sola ndi batire. Fotokope ndi printa ya laser zimakoka mawati mazanamazana zikamatenthetsa inki ya ufa, choncho inveta yaing'ono siizikwanitsa.