Ulenje wa Mbalame pa Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa, imene yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe mpaka kufika kumalire a Mozambique, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero kuti madzi amene Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amatsanuliramo amachoka pouma ndi dzuwa basi. Popeza ndi yosaya, chaka cha mvula yambiri imasefukira m'madambo, pamene zaka za chilala zikatsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mbali yake yaikulu mu 2018. Mbiri ya ulenje wa mbalame kuderali imatsatira kudzaza ndi kuphwa kumeneku, chifukwa nthawi zonse pamene matemba, makumba ndi milamba zasowa m'maukonde, anthu a m'mphepete mwa nyanjayi atembenukira kudambo la njedza kukafuna ndiwo ndi ndalama.

Mbalame za pa Chilwa zili m'magulu awiri amene kusiyana kwake ndiko kwenikweni kwa nkhaniyi. Gulu loyamba ndi la zimene zimaswana konkuno, monga zipweyo, atsekwe, akakowa ndi timbalame tobisala m'mabango, ndipo zambiri mwa izo zimamanga zisa dzinja likakhwima, madzi atalowa mu udzu. Gulu lachiwiri ndi la mbalame zaulendo, ndiko kunena zimene zimaikira mazira ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia m'miyezi ya Meyi ndi Juni, kenako n'kuthawa chisanu cha kumeneko kudzafika kuno cha mu Okutobala, n'kubwereranso mu Malichi kapena Epulo. Anamzeze amene amadzaza m'mabango madzulo a mu Januwale ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi adokowe oyera ndi timbalame ta miyendo yaitali todya m'matope. Choncho nyengo imene anthu a ku Ulaya amaonerera zisa za mbalamezi pakati pa chilimwe chawo ndi imene kuno kuli chisanu, madambo ali opanda alendo.

Akatswiri a ku Ulaya anachedwa kudziwa kumene mbalame zawo zimapita. Umboni wina wotchuka unapezeka mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany, pamene dokowe anaphedwa ali ndi mkondo wa ku Africa pakhosi, ndipo njira yodalirika inabwera mu 1899 pamene mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Cornelius Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete tachitsulo tokhala ndi manambala kumwendo, kuti wozipeza kwina adziwitse woziveka. Mlenje wa ku Chilwa sankadziwa dzina la dziko kumene mlendo wakeyo wachokera, koma ankadziwa bwino mwezi wofika, malo ogona ndi chakudya cha mtundu uliwonse, ndipo nzeru zimenezi, zimene mabuku sanazilemekeze mokwanira, ndi zakale kuposa kaundula aliyense wolembedwa.

Zolembedwa zinayamba David Livingstone atafika panyanjayi mu Epulo 1859 pamodzi ndi John Kirk, n'kuitcha Shirwa. Charles Belcher anasindikiza buku la mbalame za mu Nyasaland mu 1930, a C.W. Benson ndi akazi awo anatulutsa lawo mu 1977, ndipo la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linasonyeza kuti m'Malawi muli mitundu pafupifupi 650. Yunivesite ya Malawi nayo inachita kafukufuku wa zaka zambiri panyanjayi, amene anaona kuphwa kwa mu 1968 ndi kubwerera kwa madzi, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'buku mu 1979.

Zida za mlenje sizinasinthe kwambiri pa zaka zonsezi. Ulimbo, umene ndi utomoni womata wophikidwa kuchokera kuzomera, amaupaka patimitengo n'kutizika pamene mbalame zimatera. Makhwekhwe, amene ndi timfundo tothina tikakokedwa, amawamanga ambirimbiri pachingwe chimodzi n'kuwayala m'tinjira timene mbalame zapanga poyenda pa udzu woyandama, ndipo mlenje amafikapo m'bandakucha pabwato, akukankha ndi mponda, madzi a m'dambo ali m'mawondo, kudzawonjola zimene zakodwa. Anyamata amagwiritsa ntchito malegeni, pamene eni mfuti ndiwo amalondola abakha ndi atsekwe. Mbalamezo zikasosoledwa zimawambidwa kapena kukazingidwa, n'kulowa m'madengu kupita kumisika. Chimene chinasintha ndi kuchuluka kwa alenje komanso cholinga chawo, chifukwa ulimbo umene kale unali wopezera ndiwo za pakhomo unasanduka geni, makamaka nyanja itaphwa mu 1995, asodzi ambiri atasowa chochita. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayerekeza kuti mbalame zoposa 1 miliyoni zinkagwidwa chaka chilichonse.

Vuto lalikulu lagona pa kalendala. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha ndipo chimanga chisanache, ndi yomweyo imene mbalame za konkuno zikufungatira mazira, ndiponso imene mbalame zaulendo zikudya kuti zipeze mafuta owulukira ulendo wa makilomita zikwizikwi. Khwekhwe silisankha, ndipo likagwira make wa anapiye chisa chonse chimafa naye. Komabe si chilungamo kunena mlenje ngati wowononga chabe, popeza munthu amene ana ake agona ndi njala sangauzidwe kudikira kuti mazira aswe popanda kumuonetsa kwina kopezera chakudya.

Dziko la Malawi litalowa m'Pangano la Ramsar, limene linasainidwa ku Iran mu 1971 pofuna kuteteza madambo ofunika padziko lonse, Chilwa ndiyo inakhala malo ake oyamba kulembedwa, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1997. Limodzi mwa malamulo ake limati malo oyenera ndi amene nthawi ndi nthawi amasunga mbalame za m'madzi zosachepera 20,000, chiwerengero chimene Chilwa imachipitirira kutali. Panganoli sililetsa anthu kupindula ndi dambo, koma limafuna kuti apindule mosamala, ndipo mfundo imeneyi ndiyo inatsegula njira yoti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alenje akhazikitse makomiti ndi bungwe lawo, mothandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi komanso alenje anzawo a ku Denmark. Iwo anapatula malo ena kuti mbalame ziziswanako mosasokonezedwa, anagwirizana za nyengo yotseka ulenje, ndipo mafumu anapatsidwa mbali pa kulanga ophwanya malamulo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaikanso derali m'gulu la malo amene chilengedwe ndi ntchito za anthu ziyenera kuyendera limodzi.

Dongosolo limeneli ndi lanzeru kuposa chiletso chochokera kuofesi, chifukwa alenje okha ndi amene amadziwa pamene pali zisa, ndipo ndi okhawo amene amapezeka m'dambo m'bandakucha. Kufooka kwake n'kwakuti limalimba pokhapokha nsomba zilipo. Nkhalango za m'mapiri a Zomba ndi Mulanje zikamatha, mitsinje imabweretsa dothi limene likukwirira nyanja, ndipo chilala chilichonse chimatumiza kudambo anthu atsopano amene sanakhale nawo pa mgwirizano wa makomitiwo.