Mtengo wa kampani amaupeza bwanji? Nkhani ya RJR Nabisco mu 1988

Aphunzitsi anzanga ndi nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero ndasiya kaye za Maravi ndi za Chilembwe. Pa holide yapitayi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa mu Fomu 4, yemwe pano akugwira ntchito kubanki, anandibwereketsa buku lotchedwa Barbarians at the Gate lolembedwa ndi Bryan Burrough ndi John Helyar. Ndinali nditamufunsa kuti: mbuzi timadziwa kuitchula mtengo, nanga kampani yathunthu, ya antchito zikwizikwi, mtengo wake amaupeza bwanji? Iye anangoti, "Aphunzitsi, werengani kaye ili, tidzakambirana." Ndawerenga, takambirana, ndipo nazi zimene ndatolapo.

RJR Nabisco inayamba mu 1985 pamene R.J. Reynolds, kampani ya fodya ya ku Winston-Salem ku North Carolina, inagula Nabisco Brands pa madola 4.9 biliyoni. Mbali ina inkapanga ndudu za Camel, Winston ndi Salem, mbali ina mabisiketi a Oreo ndi Ritz komanso zipatso zam'chitini za Del Monte. Fodya ankalowetsa ndalama zochuluka chaka ndi chaka, koma ogula masheya ankaopa milandu ya anthu odwala chifukwa cha kusuta. Msika wa masheya utagwa mu October 1987, sheya ya kampaniyi sinadzukenso bwino. Pofika October 1988 inali pa madola pafupifupi 56, ndipo popeza masheya onse analipo opitirira 220 miliyoni, msika unkati kampani yonse ndi ya madola pafupifupi 13 biliyoni.

Mkulu wa kampaniyo, F. Ross Johnson, ankaona kuti mtengowu ndi wochepa. Pa 20 October 1988 kunalengezedwa kuti iye ndi akuluakulu anzake ochepa, mothandizidwa ndi banki ya Shearson Lehman Hutton, akufuna kugula kampani yonse pa madola 75 sheya imodzi, kutanthauza madola 17 biliyoni. Ndalamazo sizinali zam'thumba mwawo ayi. Pafupifupi zonse zinali zoti akongole, ndipo wobweza ngongoleyo akhale kampani yomwe ikugulidwayo. Kagulidwe kotere amakatcha leveraged buyout. Zili ngati kugula chigayo ndi ngongole, chikole chake n'kukhala chigayo chomwecho, ngongoleyo n'kumaibweza ndi ndalama za ogayitsa.

Patangopita masiku anayi, Henry Kravis wa kampani ya Kohlberg Kravis Roberts, mwachidule KKR, anati iye apereka madola 90. Onani tsono: katundu mmodzi yemweyo, m'sabata imodzi, mitengo itatu, 56, 75 ndi 90. Woona ndi uti?

Apa mpamene pali ntchito ya akatswiri am'mabanki othandiza kugula ndi kugulitsa makampani. Choyamba amafanizira ndi makampani ena a ntchito yofanana. Ngati makampani a zakudya pamsika akugulidwa pamtengo woti ndi phindu lawo la pachaka kuchulukitsa kakhumi ndi kasanu, ndiye wako naye sangatalikire pamenepo. Amayang'ananso zimene ena analipira pogula kampani yathunthu, chifukwa wogula yonse amalipira zoposa mtengo wa pamsika: sakugula phindu lokha, akugulanso mphamvu yolamulira. M'mwezi womwewo wa October 1988 Philip Morris, mpikisano wamkulu wa Reynolds pa fodya, inagwirizana zogula Kraft pa madola pafupifupi 13 biliyoni. Aliyense wa cholembera m'manja anaona kuti ngati kampani ya tchizi ikudula chonchi, Nabisco ndi Del Monte pazokha zingagulitsidwe ndalama zosasiyana kwenikweni ndi mtengo umene msika unkaika pa RJR Nabisco yonse. Kunena kwina, pa madola 56 munthu ankatenga mbali ya fodya pafupifupi mwaulere.

Njira imene inandivuta kwambiri, mpaka ndinapita kwa mnzanga wa masamu m'sitafurumu, ndi imene amaitcha discounted cash flow. Mfundo yake ndi yoti ndalama ya mawa siilingana ndi ya lero. Ngati chiwongoladzanja chili pa 10 peresenti, madola 100 amene udzalandire chaka chamawa ndi ofanana ndi madola pafupifupi 91 a lero, ndipo madola 100 obwera patatha zaka khumi ndi ofanana ndi madola 39 okha. Choncho katswiri amalosera ndalama zimene kampani idzatsale nazo chaka chilichonse ikalipira zonse zoyendetsera ntchito, n'kuzibweza pamtengo wa lero, n'kuziwonkhetsa. Masamu ake ndi a compound interest omwe aja timaphunzitsa, kungoti akuyenda chobwerera m'mbuyo. Koma mnzangayo anandionetsa kanthu kena. Atasintha 10 peresenti kukhala 12, madola 39 aja anatsika kufika pa 32. Kusintha kochepa chabe, yankho lasuntha kwambiri. Ndipo amene amasankha peresentiyo, amenenso amalosera kuti anthu adzakhala akusuta ndudu zingati zaka khumi zikubwerazo, ndi munthu, nthawi zambiri munthu amene banki yake imalandira malipiro aakulu pokhapokha malondawo atheke. Ine pamenepa ndimakayikira. Masamu ndi olondola, koma zimene amathiramo ndi zongoganizira.

Wogula ndi ngongole amafunsanso funso lina losiyana: kodi ndalama zimene kampaniyi imalowetsa zingasenze ngongole yaikulu bwanji? Amayambira pamenepo, n'kuchotsa zimene angapeze pogulitsa nthambi zina, n'kuona phindu limene akufuna iye mwini pakatha zaka zisanu kapena kuposerapo, kenako mpamene amapeza mtengo wapamwamba umene angathe kutchula. Fodya ankakopa anthu otere chifukwa wosuta saleka msanga ngakhale ndudu ikwere mtengo. Ngongole yambiri inkachokera kumabanki, ina kudzera m'mapepala a ngongole a chiwongoladzanja chokwera otchedwa junk bonds, amene banki ya Drexel Burnham Lambert inatchuka nawo.

Vuto la Johnson linali loti iye anali wogula komanso woyang'anira katundu wogulitsidwayo. Ndiye ankadziwa bwino zam'kati kuposa eni masheya, ndipo ndiyenso akanapindula mtengo ukanakhala wotsika. Bodi ya kampani inasankha komiti yapadera yotsogozedwa ndi Charles Hugel, n'kulemba mabanki a Lazard Frères ndi Dillon Read kuti aziwerengera m'malo mwa eni masheya. Nyuzipepala ya New York Times itaulula pangano lachinsinsi losonyeza gawo lalikulu limene Johnson ndi anzake ochepa akanatenga, anthu anakwiya, ndipo nkhope yake inatuluka pachikuto cha magazini ya Time ngati chizindikiro cha dyera. Pa 18 November gulu lake linatchula madola 100, KKR 94. Munthu yemwe uja ankati 75 ndi mtengo wabwino tsopano wawonjezera 25 pasanathe mwezi. Komiti sikanalephera kudzifunsa kuti poyamba paja ankafuna kuwadyera masuku pamutu eni masheya ndi ndalama zingati.

Pa 30 November zinathera pa 112 ya Johnson ndi 109 ya KKR, ndipo bodi inasankha 109. Nditawerenga koyamba ndinaganiza kuti ndalakwitsa. Chifukwa chake n'chakuti mitengo yonse iwiri sinali ya ndalama zokhazokha. KKR inkapereka madola 81 a kashi, gulu la Johnson 84, ndipo zotsalazo zinali mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo, amene mtengo wake weniweni unafunikanso kuwerengera. Alangizi a komiti anati mitengo iwiriyi ikungofanana. KKR inalonjezanso kusiyira eni masheya gawo la 25 peresenti pomwe enawo ankati 15, kusagulitsa nthambi zambiri za zakudya, ndi kuteteza antchito. Ndikhulupirira kuti kunyansidwa ndi Johnson kunathandizanso. Mtengo wonse unali madola pafupifupi 25 biliyoni, ndipo panadutsa zaka zoposa khumi ndi zisanu pasanachitike kugula kwina kwa ngongole koposa pamenepa.

Nanga 109 unali mtengo woona? Louis Gerstner, amene anaikidwa kukhala mkulu mu 1989, anayamba n'kugulitsa: nthambi za Nabisco za ku Ulaya zinapita kwa BSN ya ku France pa madola 2.5 biliyoni, Del Monte inagulitsidwa zidutswazidutswa, ndipo antchito ambiri anachotsedwa. Msika wa junk bonds unagwa, Drexel inatsekedwa mu February 1990, ndipo chaka chomwecho KKR inakakamizika kuwonjezera madola 1.7 biliyoni kuti kampaniyo isamire. Kenako pa 2 April 1993 Philip Morris inatsitsa mtengo wa Marlboro ndi pafupifupi 20 peresenti. Mawerengero onse aja anali atatsamira pa ganizo loti ndudu zizingokwera mtengo, ndipo kampani yolemedwa ndi ngongole inalibe mphamvu zolimbana ndi mnzake wopanda katundu wotere pamutu. KKR inatulukamo mu 1995 itapeza phindu lochepa kwambiri poyerekeza ndi limene inkayembekeza. Amene anadya bwino ndi eni masheya akale, omwe analandira pafupifupi kawiri mtengo wa mu October, ndi mabanki amene analandira malipiro awo pachiyambi pomwe.

Mu 1999 kampaniyo inagawidwa. Malonda a fodya a kunja kwa America anagulidwa ndi Japan Tobacco, ndipo mpamene panachokera JTI imene alimi athu a fodya amaidziwa. Nabisco inagulidwa mu 2000 ndi Philip Morris yomwe ija, n'kuiphatikiza ndi Kraft.