Bokosi, Tipeksi ndi Makina

Kukayikira chiŵiya choponyera voti sikudayambe lero kwathu kuno ku Bwanje. Akuluakulu akumbukira mkangano wa 1993. Boma lidafuna mabokosi aŵiri pa riferendamu, lina la tambala wakuda, lina la nyali. Ofuna zipani zambiri adakana, poti aliyense akadaona kumene mnzake waloŵera. Pomaliza padaikidwa bokosi limodzi, ndipo pa 14 Juni nyali idapambana.

Zisankho za makhansala zokha zakhala ngati mwana wamasiye. Tidaŵasankha mu 2000, nthaŵi yawo idatha mu 2005, ndipo tidakhala zaka 9 popanda khansala wotiyankhulira za mijigo, milatho ndi misika. Atabwerera mu 2014, makompyuta otumizira zotsatira adafooka, akuluakulu a zisankho nkubwerera ku mapepala.

Komatu pepala nalonso lidatichititsa manyazi. Mu 2019 lidadetsedwa ndi tipeksi, utoto woyera wofufutira zolemba, wogulidwa m'sitolo wamba. Saulos Chilima, mwana wa ku Ntcheu konkuno, ndi Lazarus Chakwera adakadandaula kukhoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenti. Taonani, aŵerengi: chinyengocho chidagwidwa chifukwa chidaoneka ndi maso. Woweruza adatha kulitenga pepalalo m'manja naona pamene padapakidwa.

Apa mpamene pagona mantha a makina. Pokonzekera chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, bungwe la MEC lidabweretsa makina a kampani ya Smartmatic olembera ovota ndi kutumizira zotsatira. Zipani zotsutsa zidalira kuti akatswiri apadera aŵaunike m'kati mwake. Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Sadanene kuti timpatse mutu tisanakaone kalumoko. Mayi wosadziŵa kulemba amatha kuima pasukulu madzulo, nkumaŵerengera limodzi mavoti a khansala wake pamene akukwezedwa limodzilimodzi. Za m'mimba mwa kompyuta sangazione, ngakhale mphunzitsi wamkulu sazionanso. Ife sitikuyesa umbuli kufunsa funso lotere.

Voti yeniyeniyo idatsalabe papepala. Tidachonga ndi dzanja, mavoti adaŵerengedwa pamaso pa oimira zipani, ndipo mapepala osainidwa adanyamulidwa kupita ku Lilongwe. Wopambana upulezidenti adali Peter Mutharika, wa chipani chomwe chija chidaopa makinawo koposa.