Kupanikiza kwa Mpweya Kopitirira Muyeso ndi Maulendo a Ndege

Kupanikiza kwa mpweya ndi kulemera kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pa malo, ndipo kumayezedwa ndi chida chotchedwa barometer. Pamalo olingana ndi nyanja yamchere, muyeso wovomerezeka ndi 1013.25 hPa, kapena mainchesi 29.92 a mercury. Kwa anthu a za ndege, kupanikizaku kumakhala kwapitirira muyeso kukadutsa mainchesi 31.00, omwe ndi pafupifupi 1050 hPa. Zimenezi zimachitika mwa kamodzikamodzi m'nyengo yachisanu ku Siberia, Mongolia, Alaska ndi kumpoto kwa Canada, kumene mpweya wozizira kwambiri umaunjikana pamtunda masiku angapo.

Mbiri

Barometer yoyamba anaipanga Evangelista Torricelli wa ku Italy mu 1643. Mu 1648, Florin Périer, atapemphedwa ndi mlamu wake Blaise Pascal, anakwera ndi chidachi phiri la Puy de Dôme ku France, ndipo anaona kuti mercury ya m'chidacho imatsika munthu akamakwera. Apa mpamene panachokera nzeru yoyeza kutalika pogwiritsa ntchito mpweya. Mu 1928, Paul Kollsman anapanga ku America chida chodalirika chouza woyendetsa ndege kutalika kumene ali, chotchedwa altimeter. Chaka chotsatira, Jimmy Doolittle anaulutsa ndege ndi kuitera osaona kunja, akudalira zida zokhazokha, kuphatikizapo cha Kollsman.

Pa 31 Disembala 1968, ku Agata m'chigawo cha Siberia anayeza kupanikiza koposa 1083 hPa. Koma chimene chinagwedeza oyendetsa ndege chinachitika ku Alaska kumapeto kwa Januwale 1989. Chisanu chinafika pa madigiri 60 pansi pa ziro ku Tanana, ndipo pa 31 Januwale, ku Northway, barometer inaonetsa mainchesi 31.85. Bungwe loona za maulendo a ndege ku America, la FAA, linaika ziletso pa maulendo ena m'madera okhudzidwawo. Mu 1994 linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi nambala 91.144, lolipatsa mphamvu zoika malamulo apadera kupanikiza kukadutsa mainchesi 31.00.

Mmene zimakhudzira ndege

Altimeter siyeza mtunda weniweni kuchokera pansi, koma imamva mpweya wozungulira ndege. Choncho woyendetsa amayamba wailinganiza ndi muyeso wa tsikulo, monga momwe wogula chimanga amalinganizira sikelo asanapachike thumba. Muyesowu umatchedwa QNH, ndipo amaulandira pa wailesi kuchokera kubwalo la ndege. Nambalayo amaiika pakazenera kakang'ono kamene mpaka lero kamadziwika ndi dzina la Kollsman.

Vuto ndi lakuti pa zida zambiri manambala a pakazenerako amathera pa 31.00. Kusiyana kwa inchi imodzi kumasokoneza chida ndi mamita pafupifupi 300. Ndiye kuti tsiku la ku Northway lija, chida chimene chinaima pa 31.00 chinkaonetsa kuti ndege ili m'munsi ndi mamita pafupifupi 260 kusiyana ndi pamene inalidi. Chisanu nachonso chimanamiza chidachi, koma mosemphana: mumpweya wozizira ndege imakhala pansi kusiyana ndi zimene chida chikunena, zomwe n'zoopsa kumapiri. Malangizo a ku America amati ndege zonse za m'dera lotere zosauluka pamwamba kwambiri ziike 31.00 kuti zilakwitse mofanana, zisagundane. Potera, pa gawo lililonse la khumi la inchi lopitirira, amafuna kuti mitambo ikhale pamwamba ndi mamita ena pafupifupi 30.

Mbali yabwino iliponso. Mpweya wothinana umanyamula bwino mapiko ndi kupatsa injini mphamvu, moti ndege imanyamuka itangothamanga pang'ono.

Ku Alaska ndi kwathu kuno

Ku Alaska nkhaniyi imafika mpaka pakhomo la munthu wamba. Midzi yambiri kumeneko ilibe msewu woilumikiza ndi matauni. Makalata, ufa, mankhwala, aphunzitsi ndi odwala, zonse zimayenda pa ndege zing'onozing'ono zochokera ku Anchorage, Fairbanks, Bethel ndi Nome. Zina amazimangirira matabwa otsetsereka m'malo mwa matayala kuti zitere pa chipale, ndipo m'chilimwe zina zimatera pamadzi. Oyendetsa ake ndi anthu oidziwa mitsinje ndi mipata ya mapiri pamtima, ndipo luso lawo ndi losiririka. Komabe nawonso, kukada kapena kukagwa chifunga, amadalira altimeter yomweyo. Ndege zikaima, mudzi wonse umadikira.

Kuno ku Malawi, bwalo la ndege la Kamuzu ndi la ku Chileka amapereka QNH mu hPa. Kupanikiza kwa mpweya kukakwera kum'mwera kwa nyanja ya India ndi kumene kumatibweretsera mwera ndi chiperoni m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma sikuyandikira 1050 hPa, motero zida za ndege sizifika pothera pake.

Kufunika kwake

Tinganene kuti zochitika za mu 1989 zinathandiza kuonetsa malire a chida chimene anthu anachikhulupirira kwa zaka 60. Lamulo la 91.144 likugwirabe ntchito ku America mpaka lero.