Kuyeza kayendedwe ka pamsewu pakati pa mizinda ku Malawi

Kuyeza kayendedwe ka pamsewu pakati pa mizinda ndi njira yowerengera nthawi, mafuta ndi ndalama zimene zimathera posamutsa anthu kapena katundu kuchoka mumzinda wina kupita ku mzinda wina. Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yamchere, ndipo katundu wake wambiri amayenda pamsewu. Choncho mtengo wa mayendedwe umalowa m'mtengo wa feteleza ndi mafuta, komanso umachepetsa ndalama zimene mlimi amatsala nazo akagulitsa mbewu.

Miyeso yake

Kutalika kwa msewu pakokha sikuonetsa ngati mayendedwe ali bwino. Akatswiri amagwiritsa ntchito miyeso ingapo.

Woyamba ndi tani-kilomita, kutanthauza tani imodzi yoyenda kilomita imodzi. Mwachitsanzo, lole yonyamula matani 10 ikayenda makilomita 100, yagwira ntchito ya matani-kilomita 1,000. Ndalama zonse za ulendowo zikagawidwa ndi nambalayi, pamapezeka mtengo umene ungafanizidwe ndi wa chigawo china. Pa mabasi amawerenga anthu m'malo mwa matani.

Wachiwiri ndi kudzaza kwa galimoto. Lole yomwe yapita yodzaza n'kubwerera yopanda kanthu imalipiritsa katundu wa ulendo umodzi mafuta a maulendo awiri.

Wachitatu ndi nthawi. Muyeso wabwino umawerenganso nthawi yodikira kuti minibasi idzaze m'depoti, yoima pa masikelo a malole, ndi yodikira kutsitsa katundu.

Wachinayi ndi mmene msewu ulili. Muyeso wodziwika ndi International Roughness Index, umene unakhazikitsidwa ndi World Bank m'zaka za m'ma 1980. Umayeza mabampu m'mamita pa kilomita iliyonse. Nambala ikakwera, matayala ndi zitsulo za galimoto zimatha msanga.

Chitsanzo cha Mtunthama

Mtunthama ili kum'mawa kwa tawuni ya Kasungu, pamsewu wa M18 wopita ku Nkhotakota, ndipo ndi komwe kuli sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981. Derali limalima fodya wambiri. Mabelo a fodya amayamba ulendo wawo pa misewu yafumbi ya m'midzi ndi m'maesiteti, kenako amalowa mu M18 ndi M1 kupita ku okushoni ya Chinkhoma m'boma lomwelo kapena ya Kanengo ku Lilongwe. Fodya wogulidwa amapita ku madoko monga Beira ndi Durban.

Gawo loyamba la ulendowu ndi lalifupi, koma nthawi zambiri kilomita yake imadula kuposa ya pa M1, chifukwa magalimoto ake ndi aang'ono, amayenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi ya dzinja misewu ina imavuta kudutsamo. Kafukufuku woyang'ana M1 yokha angaonetse kuti Kasungu imafikika mosavuta, pamene mlimi wa kumudzi akulipirabe zambiri. N'chifukwa chake pofanizira zigawo, ulendo umayenera kuyezedwa kuyambira pakhomo mpaka pamsika, m'nyengo imodzi komanso ndi galimoto za mtundu umodzi.

Mabungwe oyang'anira

Malamulo a mu 2006 anakhazikitsa Roads Authority, yoyang'anira kumanga ndi kukonza misewu, ndi Roads Fund Administration, yosonkhanitsa ndalama zake, makamaka kuchokera ku msonkho wa pa mafuta. Chipata cholipiritsa magalimoto cha Chingeni ku Ntcheu chinayamba ntchito mu 2021, ndipo cha Kalinyeke ku Dedza mu 2022. Zonsezi zili pa M1. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera kumpoto kwa Lilongwe kudzera ku Kasungu ndi Jenda inathandizidwa ndi European Investment Bank ndi European Union. Phindu la ntchito ngati imeneyi limadziwika poyeza nthawi ya ulendo ndi mtengo wa tani-kilomita msewu usanakonzedwe ndiponso utakonzedwa.