Broken Hill ndi Kabwe: Mbiri ya Mgodi ndi Colowa Cake

Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa mbiri ya dziko lino timakonda kusimba za mkuwa wa ku Copperbelt. Koma mgodi umene unayamba kukokera njanji kumpoto kuno sunali wa mkuwa ai. Unali wa mtovu ndi zinki, pamalo pamene lero pali mzinda wa Kabwe.

M'caka ca 1902 Mzungu wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu m'dziko la Alenje, napatsa malowo dzina lakuti Broken Hill, potengera mzinda wina wa migodi ku Australia. Njanji yocokera ku Livingstone inafika kumeneko mu 1906. Pomanga njanjiyo, mu 1905, anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa Mfumu Lusaaka. Kasiteshoniko ndiko kanakula kufikira kukhala likulu la dziko mu 1935. Motero Lusaka anabadwira m'njira yopita ku mgodi.

Mgodiwo unasonkhanitsa anthu a mitundu yambiri: Alenje eni dziko, Abemba, ndi ena ocokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Damu la Mulungushi linatsegulidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi, ndipo mzindawo unakhalanso cimake ca anchito a njanji. Mu 1921 okumba anafukula cigaza ca munthu wakalekale, cimene akatswiri anaciyesa mu 2020 napeza kuti cakhala zaka pafupifupi 300,000. Anacitengera ku London, ndipo Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe kwao.

Dziko litalandira ufulu, mzindawo unapatsidwa dzina lakuti Kabwe. Mgodi unagwirabe nchito kufikira 1994, pamene kampani ya ZCCM inautseka. Amuna ambiri anacotsedwa nchito ndipo malonda anazilala. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi, imene inali citonthozo ca mabanja ena, nayonso inaima mu 2007.

Koma colowa cowawa koposa cinatsala m'nthaka. Kwa zaka zoposa 80 utsi wa ng'anjo ndi pfumbi la m'miulu ya zotsalira zinagwera pa makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu suola monga zinyalala zina. Mwana akamasewera m'dothi, naika zala m'kamwa, amaumeza pang'onopang'ono. Ulowa m'mwazi, nuononga ubongo umene ukukula. Kawirikawiri mwanayo saoneka wodwala, koma amacedwa kumva, saumirira pa phunziro, ndipo aiwala msanga. Apa ndipo nkhaniyi itikhudza ife, pakuti mphunzitsi wosadziwa angalange mwana cifukwa ca ulesi pamene mlandu uli m'dothi la pabwalo.

Nchito yokonzanso mzindawo inayamba, ngakhale siinathe. Sukulu yophunzitsa aphunzitsi imene inatsegulidwa mu 1967 tsopano ndiyo Yunivesite ya Kwame Nkrumah, ndipo mu 2008 inakhazikitsidwa Yunivesite ya Mulungushi. Mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inabvomereza ndalama zokwana madola 65.6 miliyoni zothandizira mizinda ya migodi, Kabwe pamodzi. Zina zinagwira nchito yoyesa mwazi wa ana ndi kuwapatsa mankhwala. Mu 2020 anthu a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American ku bwalo la milandu la ku Johannesburg, pakuti inali ndi gawo mu mgodiwo kuyambira 1925 kufikira 1974. Kampaniyo inakana mlandu. Mu 2023 bwalo linakana kuti mlanduwo uzengedwe m'dzina la gulu lonse, ndipo odandaulawo anacita apilo. Akulu amati mtengo usamakoma pokwera pokha: amene anakondwera ndi cuma ca mgodi ayenera kuganizanso za potsika pake.

Kodi tsono Kabwe afafanize zonse za mgodi kuti aiwale? Kabwata, muno m'Lusaka, atipatsa yankho. Kumeneko Boma la atsamunda linamangira anchito acikuda nyumba zozungulira zaudzu, zopanikiza ndi zosayenera banja. Pozigwetsa kuti amange nyumba zosanja, nyumba 43 zinasungidwa mu 1974, ndipo lero osema ndi oluka amagulitsiramo nchito za manja ao. Sanazisunge cifukwa zinali zabwino, koma kuti adzukulu aone m'mene anakhalira amene anamanga mzinda. Momwemonso Kabwe ayenera kusunga nyumba zakale za mgodi, za njanji, ndi mkuyu waukulu wa pakati pa mzinda pamene apaulendo ankasonkhana kale. Koma mtovu wa m'dothi si cikumbutso. Uyenera kucotsedwa kapena kukwiriridwa.

Cifukwa cace, pophunzitsa za Broken Hill tisalekezere pa zaka ndi maina. Tiwafunse ana mafunso atatu: Kodi mgodi unabweretsa ciani? Cuma cace cinapita kuti? Nanga cinatsalira eni dziko nciani? Ambiri a ana athu adzaona migodi yatsopano ikutsegulidwa pafupi ndi minda ya makolo ao, ndipo adzafunika kufunsa mafunso omwewa nchito isanayambe.